Mphepo ili ndi mwini? Za wailesi ya boma ndi wailesi zozembera

Amene muli ndi galimoto mu Harare muno nkhaniyi mukuidziwa kale. Kuyambira mu 2025, munthu sungadule inshuwalansi kapena laisensi ya pamsewu usanalipire kaye laisensi ya wailesi, yomwe mu 2025 inkakwana madola 92 pachaka, pokhapokha utapatsidwa chikalata choti m'galimoto mwako mulibe wailesi. Lamuloli litangotuluka ndinakagona pa maliro ku Mufakose, ndipo pamoto wa azibambo panalibe nkhani ina. Wina amati iye amangoliza nyimbo za pa foni. Wina amati wailesi ya m'galimoto mwake ndi ija ya ku Japan yothera pa 90, moti sigwira masiteshoni ambiri. Agogo ena obadwira ku Dedza, amene anafika kuno mzindawu ukutchedwa Salisbury, anangokhala duu, akusonkhezera moto. Kenako anati ife ana a lero tikulira ndalama, pamene iwo wailesi ankaimvera atafunda nayo bulangete, mawu atatsitsa, kuopa khutu la neba.

Wodandaula ndalama ndi wofunda bulangete uja vuto lawo linachokera pamodzi. Mphepo imene mawu a wailesi amayendamo, boma lililonse linaitenga kalekale n'kuiyesa munda wake.

Chifukwa chake choyamba si nkhanza ayi. Nyumba iliyonse ya mphepo imaponya mawu pa mafunde akeake, nambala zija mumaona potembenuza wailesi. Mafundewo ndi owerengeka. Nyumba ziwiri zoyandikana zikaponya pa nambala imodzi, womvera amangomva phokoso ngati la anthu awiri olankhulira pamodzi pabwalo la milandu. Ku America, kumene KDKA ya mumzinda wa Pittsburgh inaulutsa zotsatira za chisankho mu November 1920, masiteshoni anaphuka ngati bowa, aliyense akugulitsa malonda ake, mpaka kumapondana. A ku Britain ataona zimenezo anasankha njira ina: nyumba imodzi basi. Mu 1922 makampani opanga mawailesi anagwirizana n'kutsegula BBC, ndipo mu 1927 inachoka m'manja mwa amalonda n'kukhala bungwe la dziko. Malonda panalibe. Ndalama zinkachokera kwa omvera, mashereni 10 pachaka pa nyumba iliyonse yokhala ndi wailesi. Laisensi imene tikukanganirana leroyi agogo ake ndi amenewo.

Mkulu woyamba wa BBC, John Reith, anali munthu wachipembedzo wouma khosi, wa ku Scotland. Ntchito ya wailesi anaiika patatu: kudziwitsa, kuphunzitsa, kusangalatsa. Taonani mmene anazindandalitsira, kusangalatsa kuli kumchira. Kwa iye wailesi inali ngati mphunzitsi wamkulu amene amadziwa chokomera ana kuposa anawo. Lamlungu ankadzaza mapemphero, nkhani zolemera ndi nyimbo zodekha, ndipo m'ma 1930 momwemo anthu ambiri anayamba kuthawira ku Radio Normandy ndi Radio Luxembourg, zimene zinkaponya mawu a Chingerezi ndi nyimbo zovina kuchokera kutsidya kwa nyanja.

Pamapepala, wailesi ya anthu onse ndi yosiyana ndi wailesi ya boma. Ya anthu onse imalipiridwa ndi omvera, imayendetsedwa ndi bungwe loima palokha, ndipo nduna siyenera kuiuza chonena. Ya boma ndi pakamwa pa amene akulamulira. Koma mpanda wa pakati pa ziwirizi ndi wa mapesi. Ngakhale BBC yomwe, pa sitiraka yaikulu ya ogwira ntchito mu 1926, nduna ina, Winston Churchill, inkafuna kuti boma lingoilanda. Reith anaipulumutsa, koma mtengo wake unali woti mtsogoleri wa chipani cha Labour sanamulole kulankhula, ndipo pempho la Archbishop wa ku Canterbury loti mbali ziwirizo zigwirizane analichedwetsa. Ngati kwa eni ake zinali choncho, nanga kumaiko amene ankawalamulira?

Kuno mawu oyamba anauluka mu 1933, pamene amisiri a ku positi anayamba kuyesera pa makina a pa bwalo la ndege la ku Belvedere. Zinali za azungu. Wailesi yolankhula ndi anthu akuda inachokera ku Lusaka, kumene siteshoni inatsegulidwa mu 1941, nkhondo yachiwiri ili mkati, kuti anthu azimva za abale awo amene anapita ku usilikali. Nkhondo itatha inakula n'kukhala Central African Broadcasting Station, yotumikira maiko atatu: Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Inkalankhula Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chishona ndi Chindebele. Vuto linali lakuti anthu analibe pomvera. Mkulu wa zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, Harry Franklin, anayenda m'makampani a ku Britain kufuna woti apange wailesi yotsika mtengo, ya batire, yosafuna magetsi. Kampani ya Ever Ready inavomera, ndipo mu 1949 inatulutsa kawailesi kobulungira, thupi lake lofanana ndi sefuliya, mpaka dzina lake linangokhala Saucepan Special. Mtengo unali mapaundi 5, batire padera.

Kwa munthu wa ku Nyasaland wogwira ntchito ya ukhukhi ku Avondale kapena wokolola fodya ku Mazowe, kasefuliya kameneka kanali chinthu china. Kalata inkatenga masabata. Ambiri kwawo anali atawalemba kale m'gulu la matchona. Ndiye madzulo, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya bwana, mawu n'kutuluka m'bokosi akulankhula chinenero cha amayi ako, oimba ngati Alick Nkhata akuliza gitala, woulutsa akuwerenga moni wa anthu otumizirana. Agogo a ku Dedza aja amati anthu ankasonkhana kwa amene ali nayo ngati kuli gule, batire n'kumasonkherana.

Chikondicho chinasokonekera ndi Chitaganya. Pamene maiko atatuwa analumikizidwa mu 1953, anthu akuda ambiri, makamaka a ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia, sanafune. Wailesi ya ku Lusaka inayenera kuchiyamikira. Mphekesera zinafala zoti oulutsa ake ndi anamapopa, amene kumeneko ankawatcha banyama, ogwira anthu usiku n'kuwapopa magazi. Musaseke. Munthu amene mawu ake amalowa m'nyumba mwako iye osaoneka, lero akuimbire nyimbo mawa akuuze kuti chimene ukudana nacho n'chabwino, ungamutche chiyani? Mu 1958 zonse zinalowa pansi pa Federal Broadcasting Corporation, ndipo Chitaganya chitatha kumapeto kwa 1963 dziko lililonse linatenga gawo lake. Malawi Broadcasting Corporation inayamba mu 1964, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 inali pakamwa pa Kamuzu ndi chipani chake.

Chaka chomwecho cha 1964 ndi chimene ku Britain kunabadwa wailesi yozembera yotchuka kuposa zonse, ndipo chimene chinaibala ndi nyimbo.

Nthawi imeneyo magulu oimba a achinyamata a ku Liverpool ndi London anali atagwedeza dziko lonse, koma kwawo konko mwana wa sukulu ankavutika kuwamva pa wailesi. China chinali mtima wa Reith uja wonyoza zovinavina. Koma china chinali pangano limene anthu ambiri salidziwa. Bungwe la oimba pamodzi ndi makampani a zimbale anaikira BBC malire a maola amene ingalize zimbale. Oimba ankaopa kuti wailesi ikazolowera chimbale, iwo ntchito yoimba mu situdiyo iwathera. Choncho maola otsalawo ankadzazidwa ndi mabandi olembedwa ntchito, akuluakulu a mataye akuyesera kuimba nyimbo za anyamata. Zinali ngati kupempha kwaya ya tchalitchi kuti ikuimbireni sungura.

Mnyamata wina wa ku Ireland, Ronan O'Rahilly, anaona mpata. Malamulo a Britain ankathera mamailosi atatu kuchokera pagombe. Kupitirira pamenepo nyanja inalibe mwini. A ku Denmark anali atayesa kale ndi Radio Mercur mu 1958, a ku Netherlands ndi Radio Veronica mu 1960. O'Rahilly anapeza sitima yakale, anailembetsa ku Panama, anaimikapo mlongoti wautali, n'kukaiimika kunja kwa malirewo. Pa Pasaka wa 1964 Radio Caroline inayamba kuliza zimbale kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndalama ikupeza pa malonda. Kumapeto kwa chakacho kunabwera Radio London, ya ndalama za ku Texas, ndi kaulutsidwe ka ku America: nyimbo 40 zotchuka kuzungulira tsiku lonse, woulutsa wolankhula ngati mnzako, tinyimbo tifupitifupi totchula dzina la siteshoni. Ena anakakhala m'malinga a nkhondo amene anasiyidwa pakati pa madzi pafupi ndi pamathero a mtsinje wa Thames. Nyuzi ndi boma anawatcha pirate, dzina la achifwamba a panyanja, ndipo eni ake analilandira mosangalala.

Moyo wa pa sitima sunali wokoma monga unkamvekera. Oulutsa ankakhala masabata osaponda mtunda, mafunde a panyanja akakula singano inkadumpha pa chimbale. Ndipo poti kunalibe lamulo, mikangano inkatha ndi mphamvu. Mu June 1966 mwini wa Radio City, Reg Calvert, anawomberedwa n'kufa pa mkangano wa makina oponyera mawu. Boma linapeza poyambira. Nzeru imene linachita ndi yoti tiiyang'anitsitse, chifukwa maboma ena anaiphunzira. Sitimazo silikanatha kuzigwira, ndiye linagwira m'mimba: lamulo la 1967 linati ndi mlandu kwa nzika ya Britain kugwira ntchito pa wailesi zotere, kuzipititsira chakudya kapena mafuta, ngakhale kulengezapo malonda. Radio London inatseka pa 14 August. Caroline inakakamira, koma mu March 1968 sitima zake zinakokedwa chifukwa cha ngongole.

Isanakwane milungu isanu ndi iwiri chitsekere Radio London, pa 30 September 1967, BBC inatsegula Radio 1, ya nyimbo za achinyamata. Woyamba kulankhulapo anali Tony Blackburn, amene anachokera pa sitima zomwezo. Woulutsa wina, John Peel, nayenso anachokera komweko. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa: anamuthamangitsa, kalumo n'kusunga.

Ife kuno Caroline wathu anali LM Radio. Sinali pa sitima, ndipo chilolezo inali nacho cha Apwitikizi, koma ntchito yake inali yomweyo. Inkaulutsa kuchokera ku Lourenço Marques, ku Mozambique, kulunjika achinyamata a ku South Africa ndi Rhodesia amene wailesi za maboma awo zinkawapatsa nyimbo mopimira. Anyamata a ku Highfield ndi ku Harari, kumene lero timati Mbare, ankamvera rock ndi soul kumeneko n'kumakaziyesera pa magitala. Thomas Mapfumo amene, asanatembenukire ku mbira, anayamba ndi kuimba nyimbo za kunja zoterozo. Mathero ake anafanana ndi a ku Britain. SABC, wailesi ya boma la South Africa, inailowerera mu 1972, ndipo Mozambique italandira ufulu mu 1975 inatsekedwa, m'malo mwake n'kubwera Radio 5 ya ku Johannesburg.

Apa mpofunika kumvetsa chifukwa chake mawu a kutali chotere ankafika. Mafunde a shortwave akaponyedwa m'mwamba amakagunda mpweya wina wa kumtunda kwambiri n'kubwerera pansi kutali, makilomita mazanamazana kapena masauzande. Sadziwa za chipata cha pamalire cha Forbes kapena Chirundu. Medium wave nayo usiku imapita patali kuposa masana. FM ndi yosiyana. Imamveka bwino, koma imangoyenda molunjika, phiri likatchinga yathera pomwepo. Amene ali ndi milongoti ya FM m'dziko ndiye mwini wa zonse zomveka pa FM.

Boma la Ian Smith linazidziwa bwino izi. Litadzilengeza lokha ufulu pa 11 November 1965, Britain inamanga makina ku Francistown, m'dziko limene lero ndi Botswana, oti aziponya BBC kulowa mu Rhodesia, ndipo a Smith anayankha poponya phokoso pa mafunde omwewo. Tangoganizani, BBC imene nthawi yomweyo inkadandaula za Caroline, kuno inali iyo yolowera pazenera. Nkhondo itakula, mzinda uja wa LM Radio, tsopano ukutchedwa Maputo, unayamba kutumiza Voice of Zimbabwe ya ZANU, pamene ZAPU inkalankhula kuchokera ku Lusaka. Nyimbo za chimurenga, za nkhondo ya ufulu, zinkalowa m'midzi ndi m'malokeshoni usiku. Boma linafalitsa milongoti ya FM n'kumalimbikitsa mawailesi ogwira FM yokha. Nthawi ya bulangete imene agogo aja ankanena ndi imeneyi.

Mu 1980 Rhodesia Broadcasting Corporation inasanduka Zimbabwe Broadcasting Corporation, ZBC. Anthu amene dzulo lake ankaulutsa mozembera kuchokera ku Maputo analowa ku Pockets Hill, likulu la ZBC, pakhomo lakumaso, ndipo akatswiri a BBC anaitanidwa kudzapereka malangizo. Panakhala Radio 1 ya Chingerezi, Radio 2 ya Chishona ndi Chindebele ku situdiyo za ku Mbare, Radio 3 ya nyimbo za achinyamata, kenako mu 1982 Radio 4 ya maphunziro ndi zinenero zina, Chichewa chathu chili momwemo. Amene tinakula m'zaka zimenezo sitingainyoze ZBC yonse. Radio 3 inali moto. Pa Radio 2, pulogalamu ya Kwaziso inkagwira ntchito ija ya moni wa ku Lusaka, anthu a m'mafamu ndi m'migodi n'kumapezana pa mphepo. Koma lamulo loti nyumba ya mphepo ikhale imodzi yokha, limene atsamunda anasiya, boma latsopano silinalikhudze. Nayo South Africa ya tsankho inatsegula wailesi yake yozembera, Radio Truth, yonyoza boma la Harare.

Lamulo lija linagwa mu September 2000, pamene khoti la Supreme linagamula kuti kupatsa ZBC yokha mphepo n'kuphwanya ufulu wa kulankhula. Amene anakasuma, Capital Radio, anayamba kuulutsa kuchokera pa hotela ya Monomotapa, pakati pa tauni. Sabata sinathe, apolisi anafika n'kunyamula makina. Mmodzi mwa eni ake, Gerry Jackson, amene kale anachotsedwa ntchito pa Radio 3 atalola omvera kuimba foni n'kumanena za zipolowe zimene zinkachitika mumzinda, anapita ku London n'kukatsegula SW Radio Africa mu December 2001. Voice of the People inkajambula mapulogalamu kuno n'kumawaponya kudzera pa makina a Radio Netherlands a ku Madagascar, ndipo maofesi ake anaphulitsidwa ndi bomba mu August 2002. Mu 2003 kunayamba Studio 7 kuchokera ku Washington. Zonsezi boma linkazitcha dzina lija la achifwamba. Mu 2005 SW Radio Africa inayamba kuponyeredwa phokoso, ndipo chisankho cha 2013 chili pafupi apolisi ankalanda mawailesi a shortwave opukusa ndi dzanja amene mabungwe ena ankagawa.

Sindikunena kuti wailesi zimenezi zinali angelo. Caroline inkafuna ndalama za malonda. Za kunozi zinkadalira thumba la akunja, ndipo thumba likauma zinkauma nazo: SW Radio Africa inatseka mu 2014. Studio 7 inali nthambi ya Voice of America, wailesi yolipiridwa ndi boma la America. Kwawo inali wailesi ya boma, kuno inali ya chifwamba. Dzinalo limangotengera mbali ya malire imene waima.

Nanga nyimbo? Lamulo la 2001, limene linabwera pa nthawi ya Jonathan Moyo ngati nduna ya zofalitsa nkhani, linalamula kuti magawo 75 pa 100 a zoulutsidwa akhale a m'dziko muno. Masiteshoni anasinthidwa maina: Radio 2 n'kukhala Radio Zimbabwe, Radio 4 n'kukhala National FM, Radio 3 pamapeto pake n'kukhala Power FM. Ambiri tinang'ung'udza, ndipo zoona poyamba panadzaza nyimbo zophikidwa mothamanga. Cholinga cha ndale chinalinso poyera, mwina mukukumbukira tinyimbo ta nthaka tija tinkabwerezedwa tsiku lonse. Komabe pamenepo m'pamene panatulukira urban grooves, ana a m'malokeshoni ojambula nyimbo pa kompyuta m'chipinda chogona n'kuzimva pa wailesi sabata yotsatira. Ganizo lake ndi lija la oimba a ku Britain, loteteza woimba wapakhomo, kungoti uku linatsegula khomo m'malo motseka. Ife Chichewa tinkachimva kwambiri kudzera mu sungura, Nicholas Zakaria kapena Alick Macheso akalowetsa ndime ya chinenero chathu pakati pa nyimbo. Ndime imodzi yoteroyo inkachita zambiri kuposa ola lathunthu la pulogalamu ya chinenero, chifukwa inkamveka m'kombi, Mshona ndi Mchewa atakhala mpando umodzi, onse akuimbira limodzi.

Malawi anatitsogolera potsegula mphepo. Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994, masiteshoni a anthu wamba anayamba kubwera, ndipo Zodiak, imene inayamba mu 2005, inafika mpaka kumidzi. Kuno tinadikira mpaka 2012, pamene Star FM ndi ZiFM Stereo zinayamba. Yoyambayo ndi ya Zimpapers, kampani imene boma lili ndi gawo lalikulu. Yachiwiriyo inakhazikitsidwa ndi Supa Mandiwanzira, amene chaka chotsatira anakhala phungu wa ZANU-PF, kenako nduna. Aliyense aweruze yekha ngati mphepo inatsegukadi. Ziphaso za wailesi za m'madera zinadzayamba kuperekedwa mochedwa kwambiri, patapita zaka pafupifupi 20 chikhazikitsire lamulo lozilola. Malamulo aakulu a dziko a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, koma pa mphepo gawo lathu likadali la maola ogawana ndi anzathu ambiri pa National FM.

Pamene akuluakulu ankakangana za ziphaso, nyimbo zinali zitapeza kale njira ina. Zimdancehall sinadikire woulutsa. Inatuluka m'tizipinda ta ku Matapi ku Mbare, n'kuyenda pa ma CD ogulitsidwa pamsewu, pa Bluetooth, pa masipika a makombi, kenako pa WhatsApp. Masiteshoni anachita kuithamangira pambuyo, monga BBC inathamangira anyamata a pa sitima. Mwana wa lero safunika mlongoti kapena sitima ya ku Panama. Chimene chimamutchinga ndi mtengo wa bandulo ndi magetsi akathima, ndiponso dzanja limene likhoza kutseka intaneti, monga zinachitikira mu January 2019.

Pa maliro paja, kutatsala pang'ono kucha, agogo a ku Dedza anaitana mdzukulu wawo wamkazi amene ankathandiza kuphika kuseri. Anamuuza kuti awapezere wailesi ya kumudzi pa foni, amve ngati mvula yayamba kumeneko. Mtsikanayo anagwada, anadinadina, mawu a Chichewa cha ku Lilongwe n'kutuluka oyera mbee, opanda kuphwephwera konse kuja kwa shortwave. Agogo anaika foniyo pafupi ndi khutu, mwachizolowezi n'kutsitsa mawu. Sipanathe mphindi zisanu bandulo inatha, ndipo amalume ena anatulutsa dola kuti mwana athamange akagule ina.